Za Anthu Olankhula Pamwamba pa Kanema

Pa mwambo wa nthano za kwathu womvera sakhala chete. Wokamba akati "Padangokhala," onse ayenera kuvomera kuti "Tilitonse," ndipo kuvomerako kukayamba kuzilala wokamba amadziwa kuti ana agona kapena nthano yawatopetsa. Kanema anadza ndi mwambo wina, wakuti anthu akhale mumdima, atseke pakamwa, apenye kutsogolo kufikira mapeto. Mwambo umenewu sunazike mizu pakati pathu, ndipo ngakhale kwa eni ake kuli anthu ena amene anaupandukira. M'nkhani ino tifuna kupenda ntchito ya munthu amene amaima pakati pa chithunzi ndi woonera nalankhula, poyamba monga anaichitira anthu ena a ku America pa wailesi yakanema, ndipo pambuyo pake monga ikuchitikira m'tinyumba ta kanema ta ku Zolozolo mu mzinda wa Mzuzu. Inu amene mukuphunzira uphunzitsi musaiyese nkhani ya masewera chabe, pakuti ena mwa ana amene mudzawapeze m'Sitandade 3 ndi 4 adzakhala atamva kale Chichewa chochuluka kwa anthu otere koposa chimene adzawerenge m'buku chaka chathunthu.

Pa 24 Novembala 1988 kanyumba kena kakang'ono ka wailesi yakanema kotchedwa KTMA, mu mzinda wa Minneapolis m'chigawo cha Minnesota, kanayamba kuonetsa sewero lotchedwa Mystery Science Theater 3000. Analiyambitsa ndi Joel Hodgson, mnyamata wanthabwala amene analinso ndi luso lopanga zidole ndi zinthu zotayidwa. Nthano ya seweroli ndi yaifupi. Anthu a sayansi oipa mtima agwira wantchito wamba namponya m'chombo chozungulira mumlengalenga, ndipo sabata ndi sabata amamtumizira filimu yoipitsitsa imene angaipeze, kuti aone ngati munthu angapenge ndi kuonera zinthu zopanda pake. Wandendeyo, poopa misala, adzipangira anzake a makina, ndipo awiri mwa iwo, Crow ndi Tom Servo, amalowa naye m'chipinda cha kanema. Woonera kunyumba amaona filimu yakaleyo ndi kumva mawu ake, koma m'munsi mwa chithunzi muli mzere wa mipando ndi mitu itatu yakuda bii ngati mithunzi, ndipo mitu itatuyo imayankha, kutsutsa, kufunsa ndi kusereula kuyambira pachiyambi kufikira pothera.

Sewero limeneli linakula msanga. Mu 1989 linayamba kuonetsedwa m'dziko lonse la America, linakhala pa Comedy Central kufikira 1996, kenaka pa Sci-Fi Channel kuyambira 1997 kufikira 1999. Mu 1993 Hodgson anasiyira mpando Michael J. Nelson, ndipo seweroli linapata mphotho ya Peabody ya chaka chomwecho, imene ili mphotho yolemekezeka pa ntchito za wailesi. Litatha zaka zambiri lili zii, okonda ake anasonkha madola oposa 5 miliyoni mu 2015 kuti libwerere, ndipo linabwereradi pa Netflix mu 2017.

Tsono mafilimu oipawo ankachokera kuti? M'zaka za m'ma 1950 anthu a ku America anali ndi mantha aakulu ndi bomba la atomiki, ndi Russia, ndiponso ndi mphekesera za zombo zachilendo zoyandama m'mwamba. Amalonda anaona kuti mantha amagulika, chotero anayamba kupanga mafilimu a nthano zopeka za sayansi mwa changu ndi mwa ndalama zochepa, pakuti achinyamata ankalipira pakhomo akangoona chithunzi cha chilombo pa chikwangwani. Chitsanzo chodziwika ndi Robot Monster ya 1953, imene Phil Tucker anaijambula m'masiku anayi okha ndi madola monga 16,000. Nthano yake imati chilombo cha makina chachokera kumwamba ndipo chapha anthu onse a pa dziko lapansi kupatula owerengeka. Koma popeza ndalama zopangira munthu wachitsulo panalibe, anatenga mnzawo amene anali ndi chovala cha ubweya cha nyani wamkulu uja wotchedwa gorila, namveka kumutu chisoti chonga cha anthu omira pansi pa nyanja, ndipo chilombo chowononga dziko chinatha pomwepo. Chida chake choopsa cholankhulira ndi akuluakulu ake chinali makina otulutsa thovu la sopo.

Palinso Manos: The Hands of Fate ya 1966, imene si ya sayansi kwenikweni koma ndiyo inatchukitsa seweroli pamene anaisereula mu Januwale 1993. Anaipanga ndi Harold P. Warren, wogulitsa inshuwalansi ndi feteleza wa ku El Paso m'chigawo cha Texas, ndi madola monga 19,000. Kamera yake inali yopukusa ndi dzanja, yojambula masekondi 32 okha nthawi imodzi, ndiponso yosatola mawu, kotero kuti mawu onse anawaika pambuyo pake anthu ochepa, aliyense akulankhulira anthu angapo. Kamtsikana kamene kanasewera ngati mwana wa m'banja la m'filimumo kanalira pa tsiku loyamba kuionetsa, pakumva mawu a munthu wamkulu akutuluka pakamwa pake. Kulira kwa kamwanaka mukusunge m'mtima, pakuti tikufika pamene kudzafunike.

Kodi luso la osereula aja lili pati? Munthu wosaganiza angayese kuti kuseka chinthu choipa n'kwapafupi, koma amene anayesapo kuseketsa kalasi amadziwa kuti nthabwala yosakonzeka imagwa ngati mwala m'thope. Chaka choyamba chija cha ku KTMA iwo ankangolankhula zimene zabwera m'mutu, ndipo pali malo ataliatali pamene palibe chomveka. Pambuyo pake anasintha. Olemba ankakhala pamodzi naonera filimu imodzi kangapo, kuimitsa ndi kubweza, kulemba nthabwala mazana angapo ndi kuika iliyonse pa mphindi yakeyake. Chotero nthabwala zawo zabwino zimachokera m'kupenyetsetsa. Amaona chingwe chimene chapachika chombo cha mumlengalenga. Amaona kuti anthu akunena za usiku pamene dzuwa lili pamutu. Amaona kuti munthu amene anatuluka pakhomo atavala chipewa wafika panja alibe. Amaona kuti galimoto ya mu Manos yayenda mphindi zambiri pachiyambi popanda kanthu kochitika. Woonera amaseka, koma posekapo waphunzira kuti filimu ndi chinthu chopangidwa ndi manja a anthu, chosokedwa zigamba ndi zigamba, ndi kuti msoko ungaoneke. Kumeneku ndi kupenda kwenikweni, ngakhale kwavala malaya a nthabwala.

Chinthu chachiwiri, chimene ife tichiyesa chachikulu koposa, ndi ulemu umene amapereka kwa mawu a filimu. Kawirikawiri amadikira kuti wa m'filimu amalize kunena zake, ndipo iwo amalowetsa zawo m'mipata. Woonera amamva zonse ziwiri, mawu a mwini ndi mawu a wosereula, ndipo amaonanso ndi maso mitu itatu ija, kotero kuti sangasokoneze kuti wanena uyu ndi yani. Nthabwala ikakhala yosalungama, woonera ali ndi umboni m'makutu mwake woitsutsira.

Gawo la seweroli limene liyenera kukhudza mphunzitsi koposa ndi lija la timafilimu tatifupi ta m'sukulu. Filimu yaikulu ikaperewera nthawi, ankayamba ndi kafilimu kakale kophunzitsa ana ukhondo, ulemu kapena kakhalidwe. Kena, Posture Pals ka 1952, kamasonyeza ana akupikisana kuti asankhidwe mfumu ndi mfumukazi ya kuima chilili. Kena, A Date with Your Family ka 1950, kamalangiza ana kuti pa chakudya cha madzulo azivala bwino, azionetsa nkhope zokondwa pamaso pa bambo, ndipo asatchule kanthu kovutitsa mtima. M'timafilimu timeneti muli mawu a mwamuna wosaoneka, odekha, odziwa zonse, osafunsidwa funso. Apa ndi pamene kusereula kumakoma ndi kulungama pamodzi, chifukwa amene akusekedwa si wosauka ayi, koma mlangizi wodzikuza amene sanaganizepo kuti mwana angayankhe. Yense wa inu amene anakhalapo pa benchi ya kumbuyo akudziwa manong'onong'o amene amayenda kumeneko mphunzitsi akamanena zinthu zimene iye mwini sazikhulupirira. Seweroli linangotenga manong'onong'owo niliwapatsa mpando wa kutsogolo.

Koma sitingaliyamike lonse. Pali nthawi zina pamene chimene chikusekedwa ndi umphawi chabe, monga chovala chong'ambika kapena nkhope ya munthu wosakongola, ndipo kuseka kotero sikuphunzitsa diso kanthu. Pa mafilimu a ku Japan, monga aja a Gamera, kamba wamkulu wouluka amene anayamba kuoneka mu 1965, nthabwala zina zimaterera kuchoka pa zolakwa za filimu ndi kugwera pa mtundu wa anthu. Ndiponso nthabwala zawo zambiri ndi za kwawo kokha: amatchula malonda a pa wailesi, oimba akale ndi timatauni ta ku Minnesota ndi Wisconsin, kotero kuti munthu wa ku Mzimba, ngakhale adziwe Chingerezi cha pa yunivesite, angakhale chete pamene eni ake akugwa ndi phwete. Ichi sitichiwerengera ngati cholakwa. Nthabwala ili ngati nsima, imakoma pamene yaphikidwira.

Chimene chimawapulumutsa ku mlandu wa kunyoza amphawi ndi chakuti nawonso anali amphawi, ndipo sanabise. Mutu wa Tom Servo ndi kabotolo ka makina ogulitsira maswiti. Mlomo wa Crow ndi chibonga cha pulasitiki cha masewera ogubuduza mpira, chodulidwa pakati. Chombo chawo chimaoneka poyera kuti n'chomata ndi zinyalala, monga galimoto ya mawaya imene mwana amapanga kuseri kwa nyumba. Kwathu kuno msuweni amaloledwa kunena mawu amene mlendo atawanena pangakhale mlandu, chifukwa onse akudziwa kuti ndi magazi amodzi, ndipo mawa wosekayo adzasekedwanso. Aja a ku Minnesota, pa masiku awo abwino, anali asuweni a mafilimu amene ankawasereula.

Tsopano tibwere kwathu. Ntchito yolankhula pamwamba pa kanema si yachilendo m'dziko muno, ndipo inayamba kale Hodgson asanabadwe. Pakati pa 1935 ndi 1937 Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham anayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, napanga timafilimu tophunzitsa, nayenda nato pa lole m'Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, mawu ofotokozera ali pa mbale za galamafoni m'zinenero za anthu. Kuyambira 1948 kufikira 1963 bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, linapanga mafilimu a anthu akuda a m'maiko atatu aja amene mu 1953 anamangidwa m'chitaganya. Ambiri oyambawo anali opanda mawu, ndipo galimoto ya kanema ikafika pamudzi, nsalu itapachikidwa, panali womasulira amene ankaima ndi chokuzira mawu nauza anthu zimene akuona. Nthano zake zinali zofanana kawirikawiri: mlimi wanzeru amene amvera mlangizi nalemera, ndi mlimi wopusa amene akana nasauka.

Azungu ena a nthawi imeneyo, monga William Sellers amene anatsogolera Colonial Film Unit ya ku London kuyambira 1939, ankaphunzitsa kuti munthu wa kumudzi sangatsate chithunzi chothamanga, ndipo kuti filimu yake iyenera kuyenda pang'onopang'ono, yopanda machenjerero a kamera. Anthu akaseka pamalo pamene wopanga sanafune kuti aseke, zinkawerengedwa ngati umbuli. Ife tikayang'ana m'mbuyo tiona zina. Agogo athu amene ankaseka mlimi wanzeru uja, kapena kukuwiza mlimi wopusa, ankachita chomwecho chimene mitu itatu ija inadzalandira nacho mphotho patapita zaka makumi anayi: ankayankha mawu odziwa zonse. Ndipo womasulira, poona kuti anthu ayamba kunyong'onyeka, anali ndi mphamvu yokometsa, yofupikitsa kapena yopotoza, pakuti bwana wake sankamva chinenerocho bwinobwino.

Dziko litalandira ufulu, kanema anakhala m'manja mwa boma ndi a nyumba zochepa za m'mizinda. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lopima mafilimu, mabuku ndi masewero, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino sinayambe kufikira 1999. Chotero ana ambiri a m'Malawi anakumana ndi filimu m'kanyumba ka vidiyo, poyamba pa matepi, kenaka pa zimbale, ndipo masiku ano pa timakadi ndi pa mafoni.

Ku Zolozolo, monga ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa, kanyumba kotere simungakasowe. Kamamangidwa ndi zigwagwa za matabwa kapena njerwa zosawotcha, pakhomo pali nsalu yotchinga kuwala, m'kati muli mabenchi, ndipo chokuzira mawu chimayang'ana kumsewu kuti chiitane odutsa. M'miyezi ya chisanu, pamene Mzuzu amakhala ndi nkhungu ndi mvula yowaza, kanyumbako kamafunda, ndipo mwana amene alibe ndalama ya pakhomo amaima panja namvera filimu yonse ndi makutu. Mafilimu ake ndi a nkhondo a ku America, a nkhonya a ku China, a chikondi a ku India, ndi ena a zilombo ndi maloboti. Koma mawu otuluka m'chokuziracho ndi a Chichewa, a mnyamata mmodzi amene anakhala pa kompyuta kwina kwake nalankhulira anthu onse a m'filimumo, amuna ndi akazi, mfumu ndi kapolo. Anyamata otere amadzitcha ma DJ, ndipo ana amasankha filimu poyang'ana amene waimasulira, monga ku Japan m'zaka za mafilimu opanda mawu anthu ankatsata ofotokozera awo otchedwa benshi koposa osewera.

Tiyenera kunena poyera kuti ena mwa anyamata amenewa ali ndi luso limene olemba mabuku a sukulu angalisirire. Amadziwa kuti kumasulira si kusenza mawu amodziamodzi kuwolotsa mtsinje. Msilikali wa ku California amamupatsa dzina la kwathu. Chakudya cha pa tebulo la mfumu ya ku China chimasanduka nsima ya kondowole. Mkulu wa zigawenga akamaopseza anthu ake amalankhula ngati kapitawo wa pa esiteti. Amagwiritsa ntchito mivekero, imene ndi chuma cha chinenero chathu chimene mabuku amachiopa: munthu amagwa kuti khu, chitseko chimatsekeka kuti gwa, mdani amathawa kuti liwiro psiti, m'nyumba mumangoti zii. Amadziwa kufupikitsa kukambirana kwa mphindi zitatu m'chiganizo chimodzi, ndi kukumbutsa woonera kuti uyu ndi mlongo wake wa uja anaphedwa pachiyambi. Ndipo monga aja a ku Minnesota, amasereula. Ngwazi ikawombera zipolopolo zosatha osadzazanso mfuti, womasulira wabwino amafunsa kumene mfuti yotere imagulidwa, ndipo nyumba yonse imagwa ndi kuseka. Pa mphindi imeneyo mwana wa zaka zisanu ndi zinayi waphunzira kukayika chithunzi, chimene ndi phunziro lalikulu m'masiku ano a mafoni.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene kuli phata la nkhani yathu. Womasulira wa kwathu saoneka, ndipo akamalankhula amatsitsa mawu a eni filimu. Chotero mwana alibe njira yodziwira pamene pathera mawu a filimu ndi pamene payambira nzeru za mnyamata wa pa kompyuta. Womasulira akapanda kumva Chingerezi cha pamalo ena, amapeka zake, ndipo zopekazo zimalowa m'mutu wa mwana ngati zoona. Akafuna kuseketsa, amaika mawu achipongwe m'kamwa mwa munthu amene m'filimumo akulira maliro a mwana wake, ndipo woonera sadziwa kuti panali chisoni. Ku Minnesota filimu ndi wosereula amakangana pamaso pa woonera, ndipo woonerayo ndiye woweruza. Ku Zolozolo mlandu umafika utaweruzidwa kale, mboni itatsekedwa pakamwa. Kamtsikana ka ku El Paso kanalira chifukwa kanadziwa mawu ake enieni. Osewera a m'mafilimu awa sadzamva konse zimene anenetsedwa, ndipo ana oonera alibe chofanizira.

Zolakwa zina ndi zoonekeratu, ndipo sitichedwapo. Pali omasulira amene sapuma, amene amaopa kachetechete ngati mdima, kotero kuti pamalo pamene wopanga filimu anafuna kuti mtima wa woonera ugunde, pamamveka kutamanda dzina la womasulira ndi moni kwa anzake. Pali amene nthabwala yawo yonse ndi thupi la mkazi, khungu la munthu, chilema, kapena kuyerekeza kalankhulidwe ka Atchaina. Awa sali asuweni a munthu aliyense, akungotola miyala. Ndipo pali nkhani ya mafilimu osayenera ana ndi ya ana othawa sukulu, imene makomiti a sukulu amaidziwa bwino koposa ife.

Kuti muone kuti ntchitoyi ingathe kukwera pamwamba, taonani za ku Uganda. Kumeneko omasulira otere amatchedwa ma VJ, ndipo ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu mzinda wa Kampala, Nabwana I.G.G. anapanga filimu ya nkhondo yotchedwa Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosapitirira madola 200, mfuti zake zili zosula ndi zitsulo zotayidwa. M'malo moopa kusekedwa, iye mwini anaitana VJ Emmie kuti alankhule pamwamba pa filimuyo, kuseka pamene pali poseketsa ndi kukuwiza pamene pali pokoma. Filimuyo inaonedwa ndi anthu ochuluka m'maiko akutali, ndipo ambiri amaikumbukira chifukwa cha mawu a wosereulayo. Apa wopanga ndi woseka ali mbali imodzi, ndipo mawu a osewera amamvekabe pansi pake. Anyamata athu amene amajambula timasewero pa mafoni angatolepo nzeru.

Kwatsala nkhani ya chinenero, imene ku Mzuzu singalambalalidwe. M'nyumba zambiri za ku Zolozolo mumalankhulidwa Chitumbuka, m'zina Chitonga, Chinkhonde kapena Chilambya. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi kufikira 1994. Anthu a kumpoto sanaiwale zimenezi, ndipo mphunzitsi wa Chichewa wopita kumeneko ayenera kuzidziwa ndi kuyenda mofatsa. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, ndipo mu 2014 unalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Pakati pa malamulo osinthasinthawa, chokuzira mawu cha pa kanyumba ka vidiyo chakhala chikuphunzitsa Chichewa tsiku ndi tsiku, popanda ndodo ndi popanda mayeso, ndipo ana amachilandira mokondwa chifukwa chimadza ndi kuseka. Koma ndi Chichewa cha m'tauni, chothamanga, chosakaniza ndi Chingerezi, chodzala ndi mawu a anyamata a pa siteji ya minibasi. Mwana akalemba mawu otere m'chimangirizo, musafulumire kumuyesa wamwano. Mufunseni kumene anawamva, mumuonetse mawu ena amene akanaima pamalopo, ndipo mumuuze nthawi imene aliwonse amayenera. Tingafunsenso chifukwa chake Chitumbuka, chimene chili ndi vidokoni ndi nthabwala zakezake, chimamveka pang'ono chotere m'zokuzira mawu za m'dera la eni ake. Yankho lina ndi la malonda: filimu yomasuliridwa m'Chichewa imagulika kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa, ndi kutsidya kwa malire komwe, ku Chipata ndi ku Tete.

Ndipo inu eni, mukadzaima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi atatu muli ndi buku limodzi la Chingerezi m'manja, mudzakhala pa mpando womwewo wa womasulira. Ana sadzamva bukulo, adzamva inu. Mungathe kutsitsa mawu a buku ndi kuikapo anu, ndipo palibe mwana adzadziwe pamene mwalumpha ndime imene yakuvutani. Mungathenso kuchita monga mitu itatu ija: kuwerenga mawu a buku momveka, kunena poyera kuti "apa buku latha, tsopano ndi ine," ndi kulola ana kuona pamene inu ndi buku mwasiyana maganizo. Chithunzi cha m'buku chikasonyeza chinthu chosatheka, monga mayi wolima atavala nsapato za ku ukwati, lolani ana aseke, ndipo muwafunse chimene chawaseketsa.

Pali kachitidwe kena kamene mungayese pa nthawi ya kuphunzitsa koyeserera, ndipo sikafuna magetsi koma foni imodzi yokha. Sankhani kachigawo ka filimu yoyenera ana, ka mphindi ziwiri, kokhala ndi anthu awiri akukambirana m'chinenero chimene inu mumachimva bwino. Kaonetseni kwa gulu laling'ono mawu atatsekedwa. Ana awiri akalankhulire, mmodzi m'Chichewa, wina m'chinenero cha kwawo, aliyense monga waonera. Kenaka tsegulani mawu, muwauze mokhulupirika zimene anthuwo ananenadi, ndipo gulu lifanizire: ndi pati pamene mnzawo analondola poyang'ana nkhope ndi manja, ndi pati pamene anapeka, ndipo mwa zopekazo ndi ziti zinakometsa nkhani, ndi ziti zinanamizira munthu wa m'chithunzi. Musankhe gulu la ana osapitirira khumi, pakuti galasi la foni ndi laling'ono, ndipo muyambe ndi mwana uja wa pa benchi ya kumbuyo amene amayerekeza mawu a ma DJ pa nthawi yopuma.